Zotupa zotseka njira ya mpweya mwa makanda: mafunso amene makolo amandifunsa

Ndakhala pa ntchito ya unamwino ku nesale ndi ku wodi ya ana zaka zambiri ndithu, ndipo nkhani ya zotupa za kukhosi kwa makanda siichitikachitika ayi, namwino atha kutha zaka zisanu osaonapo olo mwana mmodzi, koma tsiku limene yakugwera iweyo umasowa ndi wofunsa yemwe, achibale sanazionepo, apongozi akuti tiyeni kwa asing'anga, adokotala akuyankhula mothamanga ndi mawu achizungu okhaokha. Nde ndasonkhanitsa mafunso amene amayi ndi abambo amandifunsa pakhonde la wodi usiku, ndayankha mmene ndimawayankhira pamaso. Izi sizilowa m'malo mwa dokotala amene wamugwira mwana wanu, koma bola mukalowe m'chipinda chake mukudziwako chofunsa.

Zoona khanda lingabadwe ndi chotupa kukhosi? Si za akuluakulu zimenezo?

Eya lingabadwe nacho, kapena chimayamba kukula masabata ochepa litabadwa. Tikati njira ya mpweya ya kumtunda tikunena kuyambira m'mphuno, kuseri kwa mphuno, m'kamwa, kutsinde kwa lilime, mpaka pa kholingo pomwe pamachokera mawu ndi kunsi kwake pang'ono. Paliponse pamenepa patha kumera kanthu. Mayina ake mudzawamva achizungu basi chifukwa achichewa palibe: hemangioma ndi timitsempha ta magazi tounjikana, teratoma ndi chotupa chosakanikira minofu yosiyanasiyana, epulis imamera pa nkhama, hairy polyp ndi kanyama kolendewera kuseri kwa m'kamwa, ndipo palinso timatumba ta madzi. Zina mwa izi ndi zosowa kwambiri, mwachitsanzo teratoma yotulukira m'kamwa imene amaitcha epignathus imapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pakati pa 35,000 ndi 200,000 obadwa.

Adokotala akuti ndi kakang'ono komanso si khansa, nanga bwanji akuchita kuthamanga chonchi?

Funso ili ndi limene ndimafuna kholo lililonse limvetse, zinazi mutha kuiwala. Vuto si mtundu wa chotupacho kwenikweni, vuto ndi malo amene chakhala. Pansi pa kholingo pa mwana wobadwa miyezi yokwana, njira yonse ya mpweya kukula kwake ndi mamilimita 4 kapena 5 okha. Tengani bolopeni muchotse inki muone kabowo kotsalako, moyo wonse wa mwana wanu ukudutsa pamalo ngati amenewo. Nde kanthu kochepa ngati njere ya nandolo, kamene kakanakhala pa mwendo simukanapita nako ndi kuchipatala komwe, kakakhala pamenepo katseka pafupifupi njira yonse. Ndipo mwana akadwalapo kachimfine wamba malowo nkutupa pang'ono chabe, kampata kotsalako kamatha usiku umodzi.

Chinanso, makanda miyezi yoyambirira amapumira kwambiri m'mphuno, sanazolowere kutsegula pakamwa kuti apume ngati ife. Chotupa chikakhala m'mphuno kapena kuseri kwake mwana amabanika akakhala chete kapena akamayamwa, koma akalira amaoneka ngati wapezako bwino chifukwa pakamwa patseguka. Amayi ambiri zimenezi zimawasokoneza.

Ndingazindikire bwanji kunyumba?

Mverani ndi makutu kaye. Pamakhala kaphokoso kakuthwa ngati kamluzu kapena chitseko cholira mwana akamakoka mpweya, achipatala amati stridor, ndipo kamasiyana ndi mkonono wa mamina. Kenako mvuleni malaya mumuyang'ane: pakhosi pamene pali kadzenje kaja pakulowa mkati, nthiti zikuonekera akamakoka mpweya, pansi pa chifuwa pakubonyoka, mphuno zikufutukuka. Werengani mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu mwana ali phee, khanda likamapitirira ka 60 pa mphindi pali vuto. Kwa ana athu akhungu lakuda musadikire kuti thupi lisinthe mtundu, yang'anani lilime, nkhama ndi mkati mwa milomo, zikatuwa kapena kuda pitani pompo.

Poyamwa ndi pomwe zimaonekera kwambiri, mwana amayamwa pang'ono nkusiya bere kuti apume, thukuta pamutu, kutsamwa, mkaka kutulukira m'mphuno, ndipo ku sikelo mzere uja sukukwera. Kulira kwake penanso kumakhala kosasa kapena kotsika ngati kukuchokera m'chitini.

Ichi chokha ndikupempheni muchisunge: mwana amene amapanga phokoso kwambiri kenako mwadzidzidzi wakhala chete, wafooka, sakudzuka kuti ayamwe, sikuti wachira ayi. Watopa, mpweya wodutsa wachepa moti sukupanganso phokoso.

Ndipo jambulani vidiyo pa foni mwana ali wosavala kumtunda, mawu azimveka. Ana awa ali ndi chizolowezi chokafika kuchipatala atagona mwakachetechete ngati palibe kanthu, nde vidiyo ya masekondi 30 imayankhula kuposa inuyo.

Mwana wanga amapanga kaphokoso popuma chibadwire, ndekuti ali ndi chotupa?

Nthawi zambiri ayi. Chimene chimayambitsa phokosoli mwa makanda ambiri ndi laryngomalacia, kutanthauza kuti kholingo ndi lofewa lisanakhwime, limafwafwalira mkati mwana akamakoka mpweya. Zimayamba masabata awiri oyambirira, zimakula akagona chagada kapena akalira, ndipo ambiri zimatha zokha pofika chaka chimodzi mpaka ziwiri. Mwana woteroyo akamayamwa bwino ndi kunenepa palibe chochita china koma kumuyang'anira. Koma chonde musadziuze nokha kuti ndi chimenechi, ndi maso a dokotala ataona mkati okha amene angasiyanitse. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi phokoso lomveka pokoka komanso potulutsa mpweya, kapena limene sabata ino laposa sabata yatha.

Anabadwa bwinobwino, zayamba ali ndi mwezi ndi theka, komanso ali ndi chibanga chofiira pachibwano. Zikugwirizana?

Zitha kugwirizana kwambiri, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amachedwera. Hemangioma ya pansi pa kholingo ndiyo imapezeka kwambiri pa zotupa zonsezi, koma tsiku lobadwa siimaoneka. Imayamba kukula masabata angapo, nkukula mothamanga miyezi isanu yoyambirira, kenako imaima, ndipo chaka chikatha imayamba kuphwa yokha pang'onopang'ono kwa zaka. Ikanakhala pamsana tikanangoisiya, koma pakhosi mwana sangadikire zaka zimenezo. Imakonda ana aakazi kuposa aamuna, komanso ana obadwa masiku asanakwane.

Mwana amatsokomola chifuwa chouma chomveka ngati kuuwa kwa kagalu, nde kuchipatala amaganiza kuti ndi croup, matenda a mavairasi otupitsa kholingo, amamupatsa dexamethasone, akupezadi bwino masiku angapo, kenako zabwereranso. Croup yeniyeni imagwira kwambiri ana a miyezi 6 mpaka zaka 3, ndiye khanda la miyezi iwiri limene akuti croup kawiri katatu likufunika wina aone mkati. Pafupifupi theka la ana amene ali nayo pakhosi amakhalanso ndi banga pakhungu, makamaka malo amene bambo amamera ndevu: kutsogolo kwa makutu, chibwano, mlomo wapansi ndi khosi lakutsogolo. Pakhungu lakuda bangalo silifiira ngati pa zithunzi za pa intaneti, limaoneka lodera ngati nthudza kapena ngati potupa pofunda, nkosavuta kulilambalala.

Ndimakumbukirabe kamtsikana kena kamene kanabwera kwa ife katalandira kale mankhwala a chibayo maulendo atatu kwina, mayi ake anali atanena kangapo kuti banga la pachibwanoli likukula koma palibe amene analumikiza ziwirizi. Mayiyo sanalakwitse chilichonse, amangofunika wina womumvera. Inuyo mukapita lozani bangalo ndi chala, nenani kuti linayamba liti.

Akuti amupatsa mankhwala a BP, khanda? Sanalakwitse?

Sanalakwitse. Dzina lake ndi propranolol ndipo ndi mankhwala akale a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Mu 2008 madokotala a ku Bordeaux ku France, motsogozedwa ndi Christine Léauté-Labrèze, anafalitsa zimene anaona mwangozi: mwana wina wa hemangioma anapatsidwa propranolol chifukwa cha vuto la mtima, nkuona chotupa chija chafewa ndi kuyamba kuphwa. Chiyambire pamenepo chithandizo chinasinthiratu, ana ambiri amene kale akanabooledwa pakhosi kapena kukhala miyezi pa ma steroid pano amangomwa mankhwala, ndipo ku America anavomereza wamadzimadzi wa makanda wotchedwa Hemangeol mu 2014. Kupuma kumayamba kusintha m'masiku ochepa, zimasangalatsa kuona zoona.

Koma ali ndi malamulo ake. Amayambira kuchipatala akuyeza mtima ndi shuga, mlingo umayendera kulemera kwa mwana nde umasintha akamakula, musajombe ku kiliniki. Mpatseni akuyamwa kapena atangoyamwa chifukwa amatha kutsitsa shuga m'thupi, ndipo tsiku limene mwana akusanza, akutsegula m'mimba kapena akukana bere, musamupatse, funsani kuchipatala. Akamaoneka waulesi modabwitsa, thukuta lozizira, kapena m'chifuwa mukulira ngati mphumu, bwererani. Nthawi zambiri amamwa mpaka atakwanitsa chaka kapena kupitirirapo, mukasiya msanga poti wachira chotupa chimatha kudzukanso. Ndipo ndanena kale kwa ambiri ndinenanso pano, musaphwanye mapilisi a BP a agogo nkupatsa mwana, mlingo wa munthu wamkulu ungamuphe.

Akuti m'chotupa anapezamo tsitsi ndi mafupa. Anthu kumudzi akuti ndi zamatsenga

Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amatero, ukaona koyamba umachita mantha ndithu olo uli wachipatala. Koma chifukwa chake chilipo ndipo nchodziwika. Mimba ikangoyamba pamakhala maselo amene angathe kusanduka chilichonse, ena khungu, ena fupa, ena matumbo, ena ubongo. Pena maselo ochepa oterewa amasochera nkukhala pamalo posayenera, nde amapitiriza ntchito yawo yomanga koma mopanda dongosolo, zotsatira zake ndi chotupa chokhala ndi tsitsi, mafuta, chichereŵechereŵe, penanso mano. Imeneyo ndiye teratoma. Mwa makanda imakonda kumera kumapeto kwa msana, ya pakhosi ndi m'kamwa ndi yochepa. Sikuti mwana anadya mnzake m'mimba, sikuti wina anaponyera mayi chinthu.

Nkhani yabwino njakuti mwa makanda zambiri si khansa, dokotala akachotsa chonse mwana amakula bwino. Pambuyo pake amamuyeza magazi kuona chinthu chotchedwa AFP ngati chikutsika, chikayamba kukwera ndekuti kanatsalira kena. Pamene pali ngozi yaikulu ndi mphindi zoyamba atangobadwa, chifukwa chotupa chachikulu chimamuletsa kukoka mpweya woyamba uja.

Ndinalakwitsa chiyani? Ena akuti ndi mdulo, akuti bambo ake anayenda

Mayi, simunalakwitse. Bambo, nkhaniyi isathetse banja. Si mdulo, si tsempho, si mchere umene wina anathira m'ndiwo, si mazira amene munadya muli oyembekezera, si jakisoni wa kulera amene munabayitsa kale. Ndaonapo mayi ali pa benchi ya nesale akulira osati chifukwa cha mwana yekha koma chifukwa kwawo kwa mwamuna amuweruza kale, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa nthawi imene anthu akukhalira pansi kufufuza wolakwa ndi nthawi imene mwana akufuna anthu omunyamula kupita naye kuchipatala. Zambiri mwa zotupazi siziyenda m'magazi a banja, mwana wotsatira nthawi zambiri amabadwa bwinobwino.

Pali mtundu umodzi wosiyana, njerewere za pa kholingo zimene amati papilloma, zimabwera ndi kachilombo ka HPV mtundu 6 ndi 11 kamene mwana angatengere pobadwa. Izi sizionekera pa khanda kawirikawiri, zimadzaoneka mwana ali ndi zaka ziwiri, zitatu, zinayi, mawu ake kusasa osatha. Nazonso si zoimbira mayi mlandu, kachilomboka anthu ochuluka zedi ali nako osadziwa.

Sikani ingaone mwana asanabadwe?

Zazikuluzikulu monga teratoma ndi timatumba ta madzi ta m'khosi totchedwa cystic hygroma eya, nthawi zambiri kuyambira chapakati pa mimba. Hemangioma ya pakholingo ayi chifukwa nthawi imeneyo kulibe. Chizindikiro china ndi mimba kukula kuposa miyezi yake, mayi kumabanika, khungu la pamimba kuchita kunyezimira. Mwana m'mimba amameza madzi a m'nsupa tsiku ndi tsiku, nde pakhosi pakatsekeka madziwo amangochuluka. Madzi ochuluka ali ndi zifukwa zinanso monga shuga kapena mapasa, koma anamwino ku sikelo akakuuzani kuti mukajambulitse musazengereze.

Zikadziwika msanga musachilire kunyumba kapena pa chipatala chaching'ono, mukadikirire ku chipatala chachikulu kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ana, a khosi ndi ogonetsa tulo. Pali njira ina imene inayambira ku San Francisco m'zaka za m'ma 1990 yotchedwa EXIT: mayi amamupanga opaleshoni, amatulutsa mutu ndi mapewa a mwana okha, mchombo osadula, nsengwa ikadali kumupatsa mpweya kuchokera kwa mayi, nde madokotala amapeza nthawi yolowetsa kapaipi pakhosi asanamalize kumutulutsa. Imafuna gulu lalikulu la akatswiri ndi zipangizo, siipezeka paliponse, koma ngakhale kumene kulibe, kungodziwiratu kuti mwana akubwera ndi vuto la pakhosi anthu nkukonzeka ku fiyeta kumasintha zambiri.

Wabadwa ndi kanyama pa nkhama, azakhali akuti timange ndi ulusi kagwa kokha

Ayi chonde. Osamanga ulusi, osadula ndi lezala, osapaka phulusa kapena mankhwala achikuda. Kanyama kosalala kapinki pa nkhama, kawirikawiri zakumwamba, nthawi zambiri ndi epulis, madokotala anailemba kalekale mu 1871, imakonda ana aakazi kwambiri mwina ka 8 mpaka 10 kuposa aamuna, si khansa, siikula mwana akabadwa, ndipo opaleshoni yake ndi yaifupi komanso siibwerera. Koma magazi a khanda ndi ochepa, thupi lonse sakwana olo botolo la Fanta, kukha pang'ono kwa ife kwa iye ndi kwambiri, komanso magaziwo kapena kanyamako kakaduka katha kugwera kukhosi.

Hairy polyp nayo ndi ya atsikana kwambiri, ili ngati kachala kokutidwa ndi khungu ndi tiubweya, imalendewera kuseri kwa m'kamwa nde pena imaoneka pena imabisala, mwana amabanika nthawi zina nthawi zina ali bwino malinga ndi mmene wagonera.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi chotupa cha m'mphuno kapena pakati pa maso. Zina mwa izi zimalumikizana ndi ubongo kudzera pa kampata ka chigaza kamene sikanatsekeke, ndipo zimatha kufufuma mwana akalira. Ngakhale dokotala sadula kapena kubaya asanajambule CT kapena MRI. Nde ganizirani munthu wa lezala kumudzi.

Khosi latupa mbali imodzi, lofewa ngati muli madzi

Imeneyo itha kukhala cystic hygroma, timatumba ta madzi a m'thupi amene njira zake sizinalumikizane bwino. Dokotala akaunika ndi tochi kuwala kumadutsa. Ikhoza kukhala phee miyezi, kenako mwana wadwala chimfine kapena mwatuluka magazi mkati, yafufuma tsiku limodzi nkukankha njira ya mpweya. Kuipopa ndi jakisoni madzi amabwereranso komanso mumalowa matenda. Amachiza pobayamo mankhwala oumitsa matumbawo monga bleomycin, doxycycline kapena OK-432 wochokera ku Japan, pena opaleshoni, ndipo zovuta kwambiri amapereka mankhwala akumwa otchedwa sirolimus.

Nanga khansa siingakhalepo?

Ingakhalepo koma mwa apo ndi apo kwambiri, monga rhabdomyosarcoma kapena neuroblastoma ya m'khosi. Chotupa cholimba ngati mwala, chosasuntha, chokula mwachangu, kapena chikope chimodzi kugwa, zimenezo amazifufuza mwachangu. Chilichonse chimene achotsa amatumiza ku labu, nde funsani tsiku lodzamva zotsatira ndipo mubwere ngakhale mwana akuoneka kuti wachiriratu.

Kuchipatala akamuyeza bwanji? Ndikuopa fiyeta

Poyamba amalowetsa kachingwe kofewa kokhala ndi kamera m'mphuno mwana ali maso, amalira eya koma ndi mphindi zochepa ndipo kulirako kumathandiza dokotala kuona mmene kholingo likuyendera. Kuti aone pansi pa kholingo amayenera kumugoneka tulo ku fiyeta. Pamakhalanso sikani ya pakhosi, X-ray, CT kapena MRI malinga ndi malo. Mantha anu ndi omveka, kugoneka khanda lobanika si masewera ndipo dokotala wabwino sangakubisireni zimenezo. Koma kukana kusaina nkubwerera naye kunyumba kampata kakuchepera tsiku ndi tsiku ndi koopsa kuposa. Funsani mafunso onse, funsani m'Chichewa, akakuyankhani m'Chingerezi nenani kuti sindinamve bwerezani. Ndipo akanena kuti asiye kuyamwa nthawi yakuti, musamuyamwitse mobisa pomumvera chisoni, mkaka umatha kubwerera nkulowa m'mapapo ali mtulo.

Tipite kuti?

Yambani pa chipatala chimene muli nacho pafupi chifukwa okosijeni ndi kalata yotumizira zimachokera kumeneko. Ku Malawi mapeto ake ndi zipatala zazikulu, Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli dipatimenti ya makutu, mphuno ndi khosi komanso Mercy James Centre imene inatsegulidwa mu 2017 ya opaleshoni ndi chisamaliro chapadera cha ana, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu Central ndi Zomba Central. Abale a ku Zambia kummawa ndi Chipata Central kenako University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka. Amene muli ku Joni kapena Cape Town kuli Chris Hani Baragwanath ndi Red Cross War Memorial Children's Hospital, musabise mwana m'nyumba poopa nkhani ya mapepala.

Mukaona kuti mwalandira mankhwala a chifuwa kawiri katatu phokoso silikusintha, nenani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti ndikupempha mwanayu akaonedwe ndi dokotala wa khosi. Si mwano umenewo.

Akuti amuboola pakhosi aike kapaipi. Akhala nako moyo wonse? Adzayankhula?

Tracheostomy ndi kabowo pansi pa chotupa kuti mpweya uzilambalala potsekapo. Makolo ambiri akamva amaona ngati ndi mapeto, koma ine ndaona ana amene anafika akumenyera mpweya uliwonse, atawaika kapaipi anagona tulo koyamba, nkuyamba kuyamwa ndi kunenepa. Kwa ana a zotupa zimenezi kawirikawiri ndi kongoyembekezera, chotupa chikachotsedwa kapena kuphwa amakachotsa bowo nkutsekeka. Kali pakhosipo kulira kwake kumakhala kosamveka kapena kotsika chifukwa mpweya sukudutsa pa kholingo, zimawawa mtima kuona mwana akulira opanda mawu, koma muziyankhula naye, muzimuimbira, akumva ndipo akusunga, ambiri amadzayankhula ngakhale mochedwerapo.

Ntchito yake ndi yaikulu, sindikunamizani. Kupopa makhololo usana ndi usiku, kusintha zingwe, kusunga kapaipi kena kapadera paliponse mukupita, kusamala posambitsa madzi asalowe, kupewa utsi wa kukhitchini ndi fumbi. Musatuluke m'chipatala musanaphunzire kusintha kapaipiko ndi manja anu, ndipo aphunzire anthu awiri osati mayi yekha, mayi nayenso amadwala amafuna kugona. Abambo apa ndi pofunika inu. Ku Red Cross ku Cape Town kuli pulogalamu yotchedwa Breatheasy imene yakhala ikuphunzitsa makolo, ambiri a m'makomboni osauka, kusamalira ana oterewa kunyumba kwa zaka zambiri, nde musaganize kuti zimatheka kwa olemera okha.

Akulephera kuyamwa, nditani ndi mkaka?

Finyani. Maola atatu aliwonse, usiku womwe, olo mwana ali ku fiyeta kapena akudyera m'kachubu ka m'mphuno, mkaka wanu womwewo ndi umene tidzathire m'kachubumo ndipo bere likapanda kufinyidwa limauma. Inuyo mudye, mumwe madzi, gadiyani akuthandizeni.

Wabanika usiku, tili kutali, titani panjira?

Nyamukani nthawi yomweyo osadikira kuche, kaya ndi kabaza, njinga yamoto kapena galimoto ya aneba. Mnyamuleni chokhalitsa pachifuwa panu mutu uli mmwamba pang'ono, khosi lisapindike, osamubereka kumbuyo kumene simukumuona nkhope. Mfunditseni asazizidwe koma zitenje zisaphimbe mphuno ndi pakamwa. Musamukakamize bere kapena madzi akubanika, musalowetse chala kukhosi kuti muone chimene chatseka, musamufukize kapena kumupaka zonunkhira m'mphuno, ndipo muyesetse kumutonthoza chifukwa akamalira kwambiri ndi pomwe kampata kamachepera. Akasiya kupuma mgonekeni chagada mutu uli mowongoka, phimbani mphuno ndi pakamwa pake ndi pakamwa panu, muuzireni timpweya tating'ono ta m'masaya mwanu mukuona chifuwa chikukwera, wina apitirize kuyendetsa.

Mukafika musakhale pamzere. Zipatala zathu zimatsata dongosolo la ETAT losankha ana odwalitsitsa kuti aonedwe poyamba, limene mbali yaikulu ya kuliyesa inachitikira ku Queens ku Blantyre komweko, ndipo mwana wobanika ali pamwamba penipeni pa mndandanda umenewo. Pitani kutsogolo mugwire wa yunifolomu aliyense amene mwamuona munene mokweza kuti mwana akubanika. Kabuku kake ka kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa ndi foni ija ya vidiyo zikhale m'chikwama chimodzi chopachika pafupi ndi chitseko, kuti usiku musamafufuze mumdima.